Masapota aleke kutukwana pa intaneti

A Mkonzi,

Ndikudandaula ndi khalidwe la masapota ena pa Facebook ndi X, omwe amati amakonda timu kapena woimba wawo, koma amaswera kutukwana aliyense wosagwirizana nawo. Mu 2021, England itagonja kwa Italy pa mapenate ku Wembley, osewera mpira a England, Marcus Rashford, Jadon Sancho ndi Bukayo Saka, ananyozedwa chifukwa cha khungu lawo, ndipo Saka anali mnyamata wa zaka 19 zokha.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti otukwanawa amabisala m'mayina abodza, pomwe anzawo m'magulu a masapota a pa intaneti amawachemerera m'malo mowadzudzula. Ndikupempha oyang'anira magulu amenewa kuti azichotsa anthu otere msanga, osadikira kuti wonyozedwayo adandaule yekha.

Ine,
Wowerenga wokhudzidwa