Odzaphunzitsa anamwino bwerani ndithu, koma mudzatisiyire aphunzitsi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya anzathu akunja amene amabwera kudzaphunzitsa anamwino ndi azamba mongodzipereka. Ine ndine namwino komanso mzamba wopuma pantchito, ndipo zaka zanga zomaliza ndinazithera m'kalasi ndi m'mawodi, kuphunzitsa ana a sukulu ya unamwino kuno kummwera. Chandilembetsa kalatayi ndi uthenga wa pa WhatsApp umene ndinalandira mwezi watha kuchokera kwa mtsikana amene ndinamuphunzitsa kalekale, yemwe pano akugwira ntchito ku Manchester. Iye ndi anzake asanu a pachipatala chawo akusonkherana ndalama kuti abwere ku Blantyre kwa masabata awiri adzaphunzitse. Mmalawi pagulupo ndi iye yekha. Funso lake linali lakuti, "Amayi, tibwere ndi chiyani?" Ndinamuyankha tsiku lomwelo, koma funsolo silinandichoke mumtima, ndipo ndaona kuti likukhudza anthu ambiri kuposa iye.

Ndiyambe ndi kuthokoza, chifukwa amene sanaone mawodi athu chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 sangamvetse kuti alendowa anatipeza tili pati. Edzi inkatenga anamwino ngati mmene inkatengera odwala awo. Otsalawo ambiri ananyamuka ulendo wa ku Britain. Namwino mmodzi ankagwira naiti yekha m'wodi yodzaza mpaka ena kugona pansi, m'mawa n'kupitiriza chifukwa womulandira palibe. M'makoleji zinthu zinali chimodzimodzi: ofuna kuphunzira analipo, owaphunzitsa ndiwo ankasowa. Mu 2004 boma linayambitsa ndondomeko yapadera yoonjezera ogwira ntchito zachipatala, ija ya Emergency Human Resources Programme, mothandizidwa ndi boma la Britain ndi Global Fund. Mu 2005 malipiro athu anawonjezeredwa ndi 52 peresenti, makoleji anayamba kutenga ophunzira ambiri, ndipo madokotala ndi aphunzitsi a unamwino ongodzipereka anabwera kudzera ku bungwe la ku Britain la VSO ndi ku bungwe la United Nations Volunteers kudzatseka mipata. Kenaka kuyambira 2013 mpaka 2018 kunabwera a Global Health Service Partnership, mgwirizano wa mabungwe a ku America a Peace Corps, PEPFAR ndi Seed Global Health, amene ankatumiza aphunzitsi kwa chaka chathunthu. Kafukufuku wa boma wa 2004 anapeza kuti amayi 984 pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo ankamwalira chifukwa cha uchembere. Wa 2015 mpaka 2016 anapeza 439. Zimene zinatsitsa chiwerengerocho n'zambiri, koma azamba ophunzitsidwa bwino ali m'gulu la zifukwazo, ndipo ena mwa amene anawaphunzitsa anali alendo.

Komabe alendo onse sanatisiyire zofanana, ndipo kusiyana kwake ndinakuona ndi maso anga.

Kunabwera mayi wina wachikulire, mzamba wa zaka zambiri kwawoko, amene anaikidwa kuti azigwira ntchito ndi ine. Mwezi woyamba wonse sanaphunzitse ngakhale phunziro limodzi. Ankakhala kumbuyo kwa kalasi ndi kope lake, masana n'kunditsatira kuwodi, madzulo n'kumandifunsa mafunso. N'chifukwa chiyani ana asukulu sakufunsa kanthu ndikamaliza? N'chifukwa chiyani mayi uja sanayankhe mpaka apongozi ake atalowa? Magolovesi akatha mumatani? Poyamba ndinkaona ngati akuchedwa kuyamba ntchito imene anabwerera. Patapita nthawi ndinazindikira kuti ntchitoyo anali atayamba kale.

Chimene tinachita limodzi chinali kuphunzitsa kuthandiza khanda limene labadwa osapuma. Njira yake, ija ya Helping Babies Breathe, imati m'mphindi imodzi yoyamba mwana akhale atapukutidwa, atafunditsidwa, atasisitidwa kumsana, ndipo ngati sakupumabe, ambu bag, kachipangizo kopopera mpweya ndi manja, ikhale ili kale pankhope pake. Ife tinkaphunzitsa zimenezi pabolodi, ana n'kuloweza, n'kukhoza mayeso. Koma manja awo sankadziwa. Mayiyo anabwera ndi chidole chothira madzi, cholemera ngati khanda lenileni, ndipo sanayambe ndi ophunzira ayi. Anayamba ndi ife aphunzitsi anayi. Tinabwereza, iye atagwira wotchi, mpaka aliyense wa ife ankatha kuika chigoba cha ambu bag bwinobwino osatulutsa mpweya m'mbali, chifuwa cha chidolecho n'kumakwera. Atatero anabwerera kumbuyo kwa kalasi kuja, ife n'kumaphunzitsa, iye n'kumatiuza pambuyo pake pamene taphonya, mwaulemu, tili awiri. Anachoka patatha chaka. Phunzirolo ndinaliphunzitsa zaka zina zisanu ndi ziwiri iye kulibe, ndipo mmodzi wa aphunzitsi anayi aja akuliphunzitsabe lero. Ndikakumana ndi azamba amene anadutsa m'manja mwathu, ena ali m'zipatala zing'onozing'ono zakumudzi kumene dokotala safikako, amandiuza za makanda amene analira atakhala chete mphindi yathunthu. Mayi uja sanawaonepo ana amenewo. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo uyu kalumo kake anatisiyira m'manja.

Kunabweranso gulu lina, anthu abwino mtima, sindikuwanyoza. Anakhala masiku khumi. Anaphunzitsa ndi zithunzi za pakompyuta zoonetsa makina amene ana athu sadzawakhudza, ndi mankhwala amene m'famase mwathu mulibe. Ife aphunzitsi tinapemphedwa kukonza chipinda ndi kuitanitsa ophunzira, basi. Anasiya makina awiri oyezera odwala, amapulagi osalowa m'masoketi athu, opanda buku lake, opanda munthu wodziwa kuwakonza. Anakhala m'sitolo mpaka fumbi linawakwirira. Chimene chinandipweteka kwambiri si makinawo. Ndi mwana wina wa chaka chachiwiri amene anandifunsa alendowo atapita kuti, "Madamu, ndiye kuti zimene mumatiphunzitsa inu n'zachikale?" Masiku khumi anakwanira kumuchotsera chikhulupiriro mwa aphunzitsi amene anatsala naye zaka zina ziwiri.

Pali nkhani ya chiyankhulo imene ambiri amaipeputsa poti maphunziro a unamwino amachitika m'Chingerezi. Inde kalasi ndi ya Chingerezi, koma wodi ndi ya Chichewa, Chiyao, Chilomwe ndi Chisena, ndipo unamwino umaphunziridwa pambali pa bedi. Mayi wapakati akafika n'kunena kuti matenda ayamba, sakunena malungo. Gadiyani akati m'bale wathu wachira, akutanthauza kuti wabereka. Wina adzati msana ukundipweteka, wina adzati ndinapita padera chaka chatha, wina sadzatchula n'komwe kuti akutaya magazi mpaka namwino atamufunsa mozungulira, motsitsa mawu, amuna atatuluka. Mphunzitsi amene sakumva zimenezi sangadziwe ngati wophunzira wake wafunsa bwino kapena wakalipira wodwala. Ndipo kukalipira odwala, tivomereze, ndi chilonda chathu anamwino chimene anthu amadandaula nacho tsiku ndi tsiku. Sindikuti mlendo adziwe Chichewa chonse. Koma aphunzire kupereka moni, kupepesa, kufunsa pamene pakupweteka, ndipo asayende m'wodi popanda mnzake wa kuno womutanthauzira zimene zili kuseri kwa mawuwo. Adziwenso kuti gadiyani si munthu wosokoneza woti atulutsidwe panja. Ndi amene amaphika phala, kuchapa zitenje, kutembenuza wodwala usiku ndi kuthamangira namwino dripu ikatha. Ana athu amayenera kuphunzira kugwira naye ntchito.

Ife a ku Blantyre chitsanzo tili nacho pafupi. Pa Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, Pulofesa Elizabeth Molyneux anakhala zaka zambirimbiri akugwira ntchito ndi ana, ndipo iye ndi anzake a kuno anakhazikitsa njira yosankhiratu ana odwalitsitsa pamzere kuti athandizidwe msanga, ija timaitcha ETAT. Lero namwino wa pachipatala chaching'ono amadziwa kuti mwana amene akubanika, amene akukomoka kapena amene wafooka ndi kutsegula m'mimba sadikira pamzere, ngakhale atafika pomaliza. Njirayo inazika mizu chifukwa inapangidwira pano, poona mizere yathu ndi kuchepa kwathu, ndipo amene ankaiphunzitsa m'maboma anali Amalawi. Chimodzimodzi makina a Pumani othandiza ana obadwa masiku osakwana kupuma: akatswiri a ku Rice University anawakonza mogwirizana ndi madokotala ndi anamwino a pa Gulupu pomwepa, ndipo anamwino athu ndi amene anayenda m'zipatala kuphunzitsa anzawo.

Tsono mlandu wina ndi wathu eni khomo. Ndinaonapo mlendo akupatsidwa kalasi yonse tsiku lachiwiri atangofika, mphunzitsi wa kuno n'kupezerapo mpata wopita ku misonkhano ya maalawansi kunyanja. Pakutha pa chaka mlendo wapita, ndipo palibe chatsala chifukwa panalibe womutsatira. Akuluakulu a makoleji, kaya ndi a yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, a Malawi College of Health Sciences kapena a mishoni a pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga Nguludi, Mulanje, Malamulo, Phalombe ndi Muona, ndikupempha kuti mlendo asanakwere ndege, mukhale mutalemba dzina la mphunzitsi amene adzayende naye, ndi chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene mukufuna kuti zidzatsale. Musaope kunena kuti ichi sitikuchifuna, tikufuna ichi. Mlendo woona mtima amakondwa akauzidwa. Ndipo aliyense wodzagwira odwala athu, ngakhale atachokera kuchipatala chotchuka chotani, alembetse kaye ku khonsolo ya anamwino ndi azamba, ya Nurses and Midwives Council of Malawi, monga mmene mwana wathu amalembetsera akapita kwawoko. Mayi wa ku Ndirande kapena ku Bangwe si wophunzirirapo munthu amene kwawo sangaloledwe kugwira ntchito imeneyo.

Kuchedwa nazo zimenezi n'koopsa chifukwa mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mu Malichi 2020, Covid itavuta, a Peace Corps anabweza anthu awo onse padziko lapansi m'masiku ochepa. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700, anailimbana nayo kwambiri ndi ana athu omwewa m'matenti. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, amene analandira ovulala a ku Chilobwe usiku umenewo anali amene anali pa ntchito pano. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lochuluka lakunja, ndipo ntchito zambiri zaumoyo zinagwedezeka. Sindikuimba mlandu munthu. Ndikungonena kuti tsiku loipa likafika, amene amapezeka pambali pa bedi ndi amene tinamuphunzitsa ndipo tinamusunga.

Pa kusungapo mtima wanga umawawa. Ndikudziwa atsikana ndi anyamata amene anamaliza maphunziro, anakhoza mayeso a khonsolo, koma akugulitsa kaunjika ku Limbe kapena akuyendera lokamu, ganyu ya m'chipatala ya apo ndi apo, podikira kulembedwa ntchito, pamene mawodi akulira kusowa anthu. Mlendo angaphunzitse bwino chotani, ngati wophunzirayo akhala pakhomo zaka ziwiri, manja amaiwala, ndipo mtima umayamba kuyang'ana kunja. Boma ndi aphungu athu aganizire zimenezi pokonza bajeti.

Kwa ana athu amene ali ku Manchester, ku Dublin, ku Johannesburg ndi kwina, ine sindili m'gulu la okunenani kuti munathawa. Ndikudziwa malipiro amene munasiya ndi abale amene mukuwaphunzitsa ndi ndalama za kumeneko. Koma dziwani kuti pa alendo onse, inu ndi amene mungathandize msanga. Chiyankhulo mukuchidziwa, fungo la wodi mukulikumbuka, ndipo mwaona mmene ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, kapena chipinda cha makanda chimayendera kumene zipangizo zilipo. Mukhoza kusiyanitsa chimene chingatheke kuno ndi chimene sichingatheke. Ngati tchuthi chanu ndi masabata awiri okha, musachimwaze pa makalasi khumi. Sankhani koleji imodzi, aphunzitsi ochepa, luso limodzi, ndipo mubwerenso chaka chamawa kwa anthu omwewo. Pakatipa intaneti ilipo, muziyankhulana mwezi ndi mwezi.

Mtsikana wanga wa ku Manchester ndinamuuza kuti asanagule chilichonse alembere mkulu wa koleji imene akufuna kupitako, afunse chimene aphunzitsi akusowa, ndipo ayambe msanga za kukhonsolo chifukwa mapepala satuluka tsiku limodzi. Ndinamuuza kuti ngati m'chikwama mutsale malo, aikemo zidole zophunzirira, ma ambu bag a makanda ndi makina a BP opopa ndi manja, amene sadikira magetsi. Anzake asanu aja awaphunzitse moni ndi "pepani" asananyamuke, ndipo masiku atatu oyamba akhale kumbuyo kwa kalasi. Wandiyankha dzana kuti kalata yapita kale, ndipo awiri mwa anzakewo akupempha kuntchito kwawo kuti awalole kukhala miyezi itatu.

Namwino ndi mzamba wopuma pantchito,
Chilomoni, Blantyre