Nsapato za ovina nazo zinali ndi tsankho

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya tsankho m'magule, makamaka ballet, gule uja akazi amavina ataima pa nsonga za zala.

Manyuzipepala amakonda nkhani ya "munthu woyamba". Mu 2015, Misty Copeland atakhala mkazi wakuda woyamba kukwezedwa kukhala wovina wamkulu ku American Ballet Theatre, anthu anaomba m'manja paliponse. Zinali zoyenera. Koma gululo linali litatha zaka 75. Tiziti zaka zonsezo kunalibe mkazi wakuda waluso?

Yankho lina lili kumapazi. Nsapato za ballet ndi masokosi ake aatali ankazipanga zapinki kuti zifanane ndi khungu, mwendo uzioneka wosaduka kuyambira m'chiuno mpaka kunsonga ya chala. Nanga linali khungu la ndani? Wovina wakuda ankati akagula nsapato, n'kukhala pansi ndi siponji ndi mafuta opaka kumaso, kupaka nsapatoyo pamodzi ndi timalamba take mpaka ifanane ndi thupi lake. Komatu nsapato zimenezi sizichedwa kutha, moti ena peyala imodzi imathera pa chionetsero chimodzi. Choncho kupakako kunalibe mapeto: mnzake akupuma, iye ali kalikiliki ndi siponji, mafutawonso atagula ndi ndalama yake.

Arthur Mitchell, wovina wakuda amene anayambitsa nawo gulu la ballet la Dance Theatre of Harlem ku America mu 1969, analiona msanga vutoli, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ovina ake anayamba kuvala zofanana ndi khungu lawo. Opanga nsapato ndiwo anagona tulo. Kampani yotchuka ya Freed of London inatulutsa zabulawuni mu 2018, itagwirizana ndi gulu la Ballet Black. M'zaka zimenezi ku America ndi ku Britain kunalibe lamulo loletsa munthu wakuda kuvina. Kungoti opanga zovala ndi osankha ovina sankamuwerengera n'komwe, ndipo tsankho lotere ndi limene limavuta kuliloza chala.

Anthu aulumali nawonso akumana ndi zomwezi. Ku London, gulu la Candoco lakhala likuvinitsa pamodzi olumala ndi osalumala kuyambira mu 1991. Mmodzi mwa oliyambitsa, Celeste Dandeker, anali wovina amene anavulala msana n'kuyamba kuyendera njinga ya olumala. Musa Motha wa ku South Africa, amene anadulidwa mwendo ali mwana chifukwa cha khansa, anagwedeza mpikisano wa luso wa pa TV wa Britain's Got Talent mu 2023 akuvina ndi ndodo zake. Chimene chimandinyansa n'choti ambiri pokamba za iye amathera pa chisoni ndi misozi. Bwanji osakamba mmene amaponyera thupi m'mwamba, n'kutera pa mwendo umodzi osaphonya kugunda kwa nyimbo? Amene uja ndi katswiri, ndipo ntchito yake iyenera kuyesedwa ngati ya katswiri.

Pempho langa lipite kwa atolankhani anu. Akapita kukaona chionetsero cha magule, asamangobwera ndi zithunzi. Akafunse eni gululo kuti ovina amawasankha bwanji, amene amabwezedwa ndi otani, komanso ngati munthu wa pa njinga ya olumala angakwere pa siteji popanda kunyamulidwa. Akafunsenso aphunzitsi kuti mwana wonenepa, kapena wosamva, akabwera kudzalembetsa amamuuza chiyani. Mayankhowo muwasindikize.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda magule