Lipoti la msonkhano: za Flash, Java ndi Silverlight m'malabu mwathu

Moni a tcheya, a mlembi ndi aphunzitsi anzanga nonse. Ndabwerako ku Lilongwe ku msonkhano munandituma uja, nde poti ena simupezeka Loweruka ndati ndilembe pano aliyense awerenge payekha. Funso munandipatsa linali loti ma CD ndi mafoda a maphunziro ali m'malabu mwathu aja, a Biology, Physics ndi masamu, omwe ukadina amangokuuza kuti plugin palibe, titani nawo. Mwachidule, ambiri angathe kutsegukanso koma osati pobwezeretsa Flash ayi, ndipo nkhani yomwe ine ndaiona kuti ndi yaikulu kuposa ma CD enieniwo ndi ya mmene tizilandirira mapulogalamu kuyambira lero, ndifikako kumunsiku.

Gawo loyamba anatifotokozera mmene zinayambira, ndipo ndilembako pang'ono chifukwa ana amatifunsa m'kalasi. Ma browser a m'ma 1990 ankangotha kuonetsa mawu, zithunzi ndi mafomu basi, ukafuna chinthu choyendayenda, phokoso, vidiyo kapena gemu zinali zosatheka. Nde a Netscape anatsegula njira yotchedwa NPAPI yoti pulogalamu ina yapadera izitha kugwira ntchito mkati mwa tsamba, a Microsoft nawo anabwera ndi yawo ActiveX mu 1996. Pulogalamu yapaderayo ndiye plugin, umaiika wekha pa kompyuta, browser imangoipatsa malo pa tsamba iyo nkumachita zake. Java ya a Sun Microsystems inayamba ndi ma applet mu 1995. Flash inayamba ngati kapulogalamu kojambulira ka kampani yaing'ono ya FutureWave, a Macromedia anakagula mu 1996 nkukapatsa dzina loti Flash, kenako Adobe inagula Macromedia yonse mu 2005. Chaka chomwecho YouTube inayamba ndipo mavidiyo ake onse ankaseweredwa ndi Flash, nchifukwa chake pafupifupi kompyuta iliyonse ya nthawi imeneyo inali nayo. Microsoft itaona choncho inatulutsa Silverlight mu 2007, NBC inaonetsera pomwepo masewero a Olimpiki a ku Beijing mu 2008, Netflix nayo inaigwiritsa ntchito zaka zingapo. Sun inayesanso ndi JavaFX kumapeto kwa 2008 koma mu browser siinapite patali.

Ndipo sizinali za makatuni ndi magemu zokha eti, makampani ankamangirapo ma system enieni a mu ofesi, a akaunti, a mafomu, pogwiritsa ntchito Flex ya Flash kapena Silverlight, chifukwa zinkaoneka chimodzimodzi pa browser iliyonse pomwe HTML ya nthawiyo inkaoneka mosiyana pa Internet Explorer ndi pa Firefox, wopanga webusayiti ankachita kulemba zinthu kawiri.

Chinazipha ndi chani? Mayi wina wopanga mawebusayiti yemwe anatsogolera gawoli anatchula zinthu zitatu koma anakhalitsa pa chitetezo, ndipo apa ndinamvetsera kwambiri chifukwa zikutikhudza ife amene tili ndi makompyuta ogwiritsidwa ntchito ndi ana ambirimbiri. Plugin ya NPAPI inkagwira ntchito ndi mphamvu zofanana ndi za munthu amene walowa pa kompyutayo, kutanthauza kuti mukapezeka kabowo mu Flash kapena mu Java, tsamba loipa limatha kulowetsa vayirasi munthu wangolitsegula chabe osadina chilichonse, ngakhale kudzera mu malonda a pambali pa tsamba labwinobwino. Mu January 2013 boma la America linachita kulangiza anthu kuti azimitse Java mu browser. Mu July 2015 zinsinsi za kampani ya ku Italy ya Hacking Team zitatayikira pa intaneti munapezeka mabowo a Flash omwe anali asanadziwike, mpaka Firefox inatsekereza Flash kwa masiku angapo. Chachiwiri ndi mafoni, iPhone inatuluka mu 2007 yopanda Flash ndipo mu April 2010 Steve Jobs, mkulu wa Apple yomwe imapanga iPhone, analemba kalata yapoyera yonena kuti sadzailola, kudandaula za batire, chitetezo komanso kuti inapangidwira mouse osati chala, chaka chotsatira mu November 2011 Adobe yokha inasiya kupanga Flash ya ma browser a pa foni. Chachitatu nchoti browser yeniyeniyo inakula, HTML5, mtundu watsopano wa chilankhulo cholembera masamba a pa intaneti, inamalizidwa ngati muyezo mu October 2014 ili ndi vidiyo, odiyo ndi canvas mkati mwake, YouTube inasamukira komweko mu January 2015, kenako WebAssembly, njira yoyendetsera mapulogalamu olemera mu browser popanda plugin, inalowa m'ma browser akuluakulu mu 2017.

Zitatero zinangogwa motsatana. Chrome inachotsa NPAPI mu September 2015, Firefox mu March 2017 kusiyako Flash yokha, plugin ya Java inachotsedwa mu Java 11 mu 2018, Shockwave inatha mu April 2019. Adobe inalengeza mu July 2017 kuti Flash ithera pa 31 December 2020, ndipo pa 12 January 2021 ma version omaliza anayamba kukana okha kutsegula chilichonse, munali kale lamulo mkati loti tsikulo likakwana aime. Silverlight inatha pa 12 October 2021. Nde amene mumaganiza kuti ma CD athu anakalika kapena kuti ndi vayirasi, ayi, mafayilo ali bwinobwino, chomwe chinachoka ndi chowatsegulira.

Chitsanzo chomwe chinandikhudza ndi cha ku South Africa, abale athu ali ku Joni ena akuchikumbukira. Bungwe lotolera misonkho la SARS linali ndi mafomu ena pa eFiling omwe ankadalirabe Flash tsiku lija likukwana, moti mu January 2021 linachita kutulutsa browser yakeyake yokhala ndi Flash mkati kuti anthu athe kudzaza mafomuwo. Bungwe lalikulu choncho, la ndalama zake ndi akatswiri ake, chenjezo linaperekedwa zaka zitatu zisanachitike, komabe nthawi inawathera. Sikuti ndikuwanyoza, ndikungofuna tione kuti kusamutsa system yomwe inamangidwa pa plugin si ntchito ya masewera, ndipo ife tilibe ngakhale kachigawo kakang'ono ka mphamvu zomwe iwo ali nazo.

Tsopano zoti tichite. Pa mafayilo a Flash, othera ndi .swf, pali Ruffle, pulogalamu yaulere yolembedwa mu Rust yomwe imatsanzira Flash popanda kukhala plugin, Internet Archive inayamba kuigwiritsa ntchito mu November 2020 posunga zinthu zakale za Flash. Ilipo yoika mu browser ngati extension komanso ina yoima payokha pa kompyuta yomwe sifuna intaneti, imeneyi nde yathu ife a malabu opanda netiweki, munthu mmodzi akoka kamodzi nkugawira ena pa USB. Anatiyesetsa pomwepo, zakale zolembedwa ndi ActionScript 1 ndi 2 (chilankhulo cholembera code ya Flash), monga zojambula zoonetsa mmene magazi amayendera mu mtima, zinatseguka bwino kwambiri. Za ActionScript 3 yomwe inabwera mu 2006 zambiri zikutseguka koma zina mabatani sagwira kapena mawu sakumveka, ndipo zomwe zimafuna kulumikizana ndi seva yomwe inazimitsidwa kalekale palibe chomwe Ruffle ingachite. Choncho fayilo iliyonse tiyenera kuiyesa payokha mpaka kumapeto, osangoona kuti yatseguka nkunena kuti zatheka, chifukwa mwana adzakanirira pakati pa phunziro.

Zina sizifunanso Ruffle nkomwe. Ma simulation a PhET a ku University of Colorado Boulder, omwe Carl Wieman anayambitsa mu 2002, ambiri mwa ife tili ndi akale a Java ndi Flash, koma eni ake analembanso ambiri mu HTML5 ndipo mutha kukoka fayilo imodzi nkumaitsegula popanda intaneti ngakhale pa foni. Scratch, yophunzitsira ana kupanga mapulogalamu, version 2 yake ya pa intaneti inali ya Flash, Scratch 3 inatuluka mu January 2019 yosafuna plugin ndipo imatsegula ntchito za ana zakale za .sb2. Apa ntchito yathu ndi kungosintha akale nkuika atsopano basi.

Silverlight nde yovuta. Njira yomwe yatsala ndi IE mode ya mu browser ya Edge, yotsegula masamba ngati Internet Explorer yakale, yomwe Microsoft inati ikhalapo mpaka 2029 kapena kupitirira, koma Silverlight yeniyeniyo sikulandiranso zokonza. Ilipo OpenSilver yomwe imasamutsa pulogalamu ya Silverlight kupita ku WebAssembly koma imafuna mukhale ndi source code, kutanthauza code yoyambirira yomwe opanga analemba, osati pulogalamu yomalizidwa yokha.

Panabuka mtsutso wotentha ndithu masana. Mkulu wina woyang'anira makompyuta pa koleji ina anati njira yachidule ndi kusiya kompyuta imodzi yakale ya Windows 7 ndi Flash yakale yopanda lamulo lozimitsa lija, osailumikiza ku intaneti, basi nkhani yatha. Ambiri anavomera. Ine ndinakana pang'ono ndipo ndikukanabe, chifukwa kwathu kuno vayirasi sidikira intaneti, imayenda pa USB ya mwana ndi ya mphunzitsi, ndipo kompyuta yakaleyo hard disk yake ikadzafa tidzabwerera pomwe tili pano. Ndinganene kuti ndi zololeka pa zinthu zochepa zomwe Ruffle yalephereratu, kwa kanthawi, madoko a USB atatsekedwa. Koma chomwe ndikupempha ndi mtima wonse, chonde pasapezeke wina wokakoka Flash Player pa mawebusayiti achilendo omwe amati ali nayo yogwirabe ntchito, Adobe inachotsa kale malo okokera ndipo inachenjeza yokha kuti zoterozo nthawi zambiri zimabwera ndi vayirasi. Mukaona uthenga woti update Flash Player pa tsamba lililonse lero, tsekani, ndipo muwauze ana.

Panalinso mnyamata wina wojambula makatuni yemwe anaikira kumbuyo Flash, ndipo zomwe ananena ndi zoona sindingazibise. Flash inkalola munthu wosadziwa kulemba code kupanga chinthu choyenda ndi chodinika, mafayilo ake a vector anali ang'onoang'ono oyenera netiweki yofooka, pomwe masamba ambiri a masiku ano ndi olemera, bandulo imatha tsamba lisanamalize kutseguka. Mphunzitsi wamba ankatha kupanga phunziro lake. Yolowa m'malo mwake Adobe Animate imatha kutulutsa HTML5 koma ndi yolipira mwezi ndi mwezi m'madola, ndi mmene foreksi ikuvutira panopa ndani mwa ife angakwanitse. Chomwe anatilozera ndi H5P, yaulere, imagwira ndi Moodle, system yoikapo maphunziro pa intaneti, mumapanga mafunso, vidiyo yoima nkufunsa funso, zokoka nkuponya, popanda code. Siifika pomwe Flash inkafika pa zojambula koma pa ntchito ya m'kalasi ndikuona kuti itikwanira.

Apa nde pali mfundo yanga yaikulu ija. Mukaona onse amene anapulumuka, PhET, Scratch, makampani omwe anasamuka bwinobwino, onse anali ndi source code m'manja ndipo anali ndi ufulu woisintha. Ife tili ndi .swf yokha, fayilo ya .fla yomwe inapangira zinthuzo tilibe, inatsala kwa amene anatipatsa, ena mwa iwo pulojekiti inatha kalekale ngakhale imelo yawo sikugwiranso. Zili ngati kumanga nyumba pa malo a mwini, tsiku lomwe wanena kuti akufuna malo ake sunganyamule khoma. Ndipo musaganize kuti zinathera pa Flash, lero tikulandira ma app omwe amagwira pa tabuleti ya mtundu umodzi wokha, kapena ofuna akaunti pa seva ya kampani imodzi, vuto lake ndi lomwelija. Zimandipweteka chifukwa maphunziro ena mwa amenewa anali abwino zedi, ena anachita kujambulidwa mawu m'Chichewa, anthu anathera nthawi yawo pamenepo, nde lero angokhala mufoda.

Choncho ndikupempha kuti Loweruka tikambirane zoti gulu lathu likhale ndi mfundo zolembedwa zomwe tizipereka kwa a hedi ndi makomiti a sukulu, kuti wina aliyense wobweretsa pulogalamu yophunzitsira, kaya ndi bungwe lothandiza kaya ndi kontilakita wolipidwa, tizimufunsa zinthu izi tisanasaine: kodi itseguka mu browser wamba popanda kuikamo china chilichonse, kodi igwira intaneti kulibe, ndipo kodi source code pamodzi ndi zithunzi ndi mawu oyambirira atisiyira ndi chilolezo cholembedwa choti tingathe kusintha. Ndikudziwa ena munena kuti wopatsidwa sasankha, ndipo kukana mphatso pamaso pa alendo ndi a bwana nkovuta, koma kufunsa si kukana, ambiri mwa opereka sanaganizepo chabe za zimenezi ndipo akafunsidwa poyamba pomwe savuta.

Pakadali pano aliyense asake pa makompyuta a labu yake mafayilo a .swf, .jar (a Java), .xap (a Silverlight) ndi .dcr, alembe dzina la phunziro, kalasi yake komanso ngati likugwiritsidwabe ntchito pa silabasi ya pano, chifukwa zina nzakale zoti sitikuzifunanso palibe chifukwa chovutikira nazo. Mutumize kwa a mlembi lisanafike Lachisanu kuti tigawane zoyesa. Ruffle ndi ma PhET atsopano ndibwera nazo pa hard disk, mubwere ndi ma USB opukutidwa kale. Amene mupeze .dcr mundiuze padera, amenewo ndi a Shockwave ndipo Ruffle siwatsegula, tiona ngati a Flashpoint omwe akhala akusunga zoterezi kuyambira 2018 ali ndi chowatsegulira chomwe chingagwire pa makina athu.