Nyumba yotchipa ili ndi kalata ya amfumu, yodula ndi chikole kubanki: ndigule iti?

Alangizi,

Pali nyumba ziwiri zomwe zikugulitsidwa, ndipo ndalama zomwe tasunga ndi mayi a kunyumba zingakwane yotchipayo yokha, nayonso movutikira. Za njerwa, simenti ndi malata ndimazidziwa chifukwa ndiyo ntchito yanga. Pomwe pandikanika ndi pa mapepala. Ndiye ndati ndiyale zonse poyera kuti mundiunikire ndisanatulutse khobidi.

Yoyamba ili kunja kwa mzinda, mbali ya msewu wa ku Mchinji mukapitirira Njewa. Poloti ndi yaikulu, mamita 30 m'lifupi ndi 40 m'litali, moti munthu atha kulima ndiwo, kuweta nkhuku, n'kumanganso timidadada ta lendi kuseri. Nyumbayo ndi ya zipinda zogona zitatu. Malowa ndi a mafumu. Pepala lomwe lilipo ndi mgwirizano wolembedwa pamanja, wa chidindo cha anyakwawa ndi mboni ziwiri. Liizi, chikalata cholembetsedwa kuboma chopatsa munthu malo kwa zaka zoikika, palibe; mabikoni, zizindikiro za konkire zosonyeza malire, palibe. Malire ndi mzere wa nkhadze ndi mtengo wa mango. Wogulitsa ndi mwana wachisamba wa mwini nyumba yemwe anamwalira. Amayi ake ali moyo, ndipo mnyamatayo ali ndi abale ake anayi.

Yachiwiri ili ku Area 25. Ndi yakale, ya zipinda ziwiri, poloti yongokwana nyumba ndi chingwe choyanikira zovala. Koma ili ndi liizi ya zaka 99, dzina la pa liiziyo likufanana ndi la pa chiphaso cha unzika cha wogulitsa, madzi ndi magetsi zilimo kale. Mtengo wake ukuposa wa yoyamba ija pafupifupi kawiri. Sechi ya ku kaundula wa malo yaonetsa kuti nyumbayi ndi chikole cha ngongole ya kubanki yomwe sinathe.

Ndiyambe ndi zomwe maso anga atha kuona, kuti mudziwe kuti kutchipa kwa yoyambayo kuli ndi malire. Penti ndi watsopano, ndipo penti watsopano pa nyumba yogulitsa amandichititsa kusuzumira kwambiri. Mukakanda ndi msomali kuseri komwe pulasitala wagamphuka, njerwa anamangira dothi, simenti ndi ya pamwamba pokha. Zimenezi pazokha si tsoka ngati maziko ali bwino. Koma pali mng'alu wopendekeka wochokera pa ngodya ya windo kutsikira pansi, ndipo mng'alu wotero sunena za pulasitala, umanena za maziko. Mbali ya kumunsi kwa polotiyo dothi si katondo wofiira uja, ndi makande a kudambo. Makande amafufuma mvula ikagwa n'kukhwinyata mu Okutobala, ndiye khoma limakwera ndi kutsika chaka ndi chaka mpaka kung'ambika, makamaka ngati mulibe bimu ya konkire yomanga makoma pamwamba pa mawindo. Mu iyi mulibe. Chinyezi chakwera makoma kufika m'mawondo, kusonyeza kuti pomanga sanayale pepala lakuda la pulasitiki pamwamba pa maziko. Malata ndi a geji 32, opyapyala aja, pomwe olimba amayambira 28, ndipo mitengo ya denga ndi bulugamu wosapaka mankhwala. Chiswe chayamba kale mbali ya kukhitchini. Denga lonselo ndi losasula m'zaka zochepa.

Madzi ndi a pachitsime chapakhomo, ndipo chitsimecho chili mapazi khumi okha kuchokera pa chimbudzi chokumba cha aneba, pomwe a zaumoyo amati pazikhala mamita osachepera 30. Amene anaona kolera wa 2022 ndi 2023 muno mu Lilongwe sangamwe madzi amenewo mtima uli m'malo. Mapolo a magetsi athera patali ndithu, ndipo aliyense akudziwa kuti kotesheni ya ESCOM imakwera malingana ndi mapolo ofunika kuonjezera, osawerengera mawaya a m'nyumba omwe ayenera kuikidwa ndi mmisiri wa chiphaso.

Chomwe ogulitsa satchula ndi ulendo. Wochokera kumeneko wogwira ntchito ku City Centre kapena ku Kanengo amakwera minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwera. Masiku 22 a ntchito ndi maulendo 88 pa munthu mmodzi. Pa banja la ogwira ntchito awiri ndi 176 pamwezi, ana a sukulu tisanawawerenge. Kuchoka pa tala kukafika pakhomo ndi kabaza, ndipo kabaza amakweza mtengo kukada kapena kukagwa mvula, nthawi yomwe msewu wafumbi uja wasanduka phala. Mafuta akasowa, akutali ndiwo amayamba kugona pa siteji. Paja walira mvula walira matope: poloti yaikulu imabwera ndi zakezake. Komabe zonsezi ndikhoza kuziwerengera pa pepala, n'kuchotsera pa mtengo. Mpanda ndimanga, denga ndisintha, thanki ya madzi ndiika. Zomwe sindingakonze ndi manja anga ndi izi ndikufunsazi.

Kalata ya anyakwawa ija ili ndi mphamvu yanji lero? Lamulo la malo a mafumu la 2016, lomwe linakonzedwanso mu 2022, linabweretsa makomiti a malo ndi kalembera wa malo a makolo. Kodi munthu wobwera ngati ine, wosakhala wa m'mudzimo, ndikagula nyumba yomangidwa kale pa malo otere, ndingalembetse m'dzina langa, ndipo ndiyambire khomo liti: kwa agulupu, kwa mfumu yaikulu, kwa DC, kapena ku unduna wa za malo? Nanga kugulitsana kumeneku n'kololedwa n'komwe? Ndikufunsa chifukwa m'madera ozungulira mzinda poloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu si nkhani yachilendo, aliyense ali ndi kalata ya chidindo. Ndiponso mzinda ukukula kulowera komweko. Tsiku lomwe a mapulani adzajambule msewu kudutsa pabalaza panga, wa kalata ya pamanja amalandira chipukuta misozi kapena amangouzidwa kuti anamanga popanda chilolezo? Ndingapite kuti kukaona ngati malowo sali mu njira ya msewu, pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi kapena m'malo osefukira madzi? Za Lingadzi mu Febuluwale 2017 ku Mtandire anthu sanaiwale.

Nkhani ya malemu ndiyo ikundisowetsa tulo kuposa zonse. Mnyamatayo akuti banja lonse lagwirizana, ndipo atha kubweretsa amalume ake kudzakhala mboni. Koma lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana, ndipo woyendetsa chuma cha munthu yemwe sanasiye wilo amayenera kukhala ndi kalata ya kukhoti yomupatsa mphamvuzo. Iye alibe. Mayiwo sindinaonane nawo. Akuti ali kumudzi. Kodi ana onse asanu ndi mayi awo atasaina pamaso pa amfumu zingakwane, kapena popanda kalata ya kukhoti ija ndagula mlandu? Mmodzi mwa anawo sanakwane zaka 18. Womusainira ndani, ndipo akadzakula n'kudzati gawo lake silinamufike, adzalondola mkulu wake kapena adzagogoda pa geti panga?

Tsono ya ku Area 25. Kumanga kwake ndilibe nako nkhawa: maziko ndi owuma, makoma ndi owongoka, chofunika ndi kusintha mapaipi achitsulo omwe achita dzimbiri ndi kupopa thanki ya chimbudzi. Vuto ndi ndondomeko ya kalipiridwe. Monga ndikudziwira, nyumba ya liizi siisintha dzina pongopatsana ndalama. Pamafunika chilolezo cha eni nthaka omwe anapereka liiziyo, kaya ndi unduna wa za malo, Malawi Housing Corporation kapena khonsolo ya mzinda. Lendi ya nthaka ndi misonkho ya khonsolo zikhale zolipidwa. MRA, bungwe lotolera misonkho, ipereke chikalata chosonyeza kuti za msonkho zili bwino. Msonkho wa sitampu ulipidwe. Kenako kusinthako kulembedwe m'kaundula. Ndipo zonsezi sizingayende banki isanachotse dzanja lake pa nyumbayo.

Wogulitsa akufuna ndimupatse theka la ndalama m'manja kuti akatseke ngongoleyo, mapepala akatuluka ndimalize. Ine ndikuona dzenje pamenepa. Akalandira n'kukachitira zina, banki idzagulitsa nyumba, ine n'kutsala ndi risiti. Kodi sizotheka kuti ndalamazo zipite kwa loya, loyayo alipire banki mwachindunji atalandira kalata yonena ngongole yeniyeni yotsala, zotsalazo wogulitsa alandire dzina litasintha? Loyayo akhale wanga kapena tingagwiritse mmodzi tonse awiri, poti wogulitsa akukakamira wake kuti tichepetse zolipira? Ndamvanso kuti wogula atha kuikitsa chenjezo m'kaundula kuti nyumbayo isagulitsidwenso kwina nkhani ili m'kati. Limaikidwa nthawi iti, mgwirizano utangosainidwa kapena ndalama zitalipidwa? Nanga mabilu akale a madzi ndi misonkho ya khonsolo zikapezeka pambuyo, mgwirizano ulembedwe bwanji kuti zisandigwere?

Kuti ndikwanitse iyiyi ndiyenera kubwereka pafupifupi K20 miliyoni. Mu 2024 Reserve Bank inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo ngongole za ife anthu wamba sizikhala kutali ndi pamenepo. Ngakhale titawerengera pa 25, ndi K5 miliyoni pachaka, kuposa K400,000 pamwezi, ngongole yeniyeniyo isanakhudzidwe. Ndalama imeneyo ikuposa lendi ya nyumba yofanana nayo m'dera lomwelo. Wina anganene kuti ndidikire ndisonkhanitse zokwanira. Koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tonse tinaona momwe simenti ndi malata zinathawira, ndalama zili chigonere mu akaunti. Wosunga ndalama akuthamangitsa galimoto ndi miyendo.

Pakati pa zonsezi pali adobadoba. Wa nyumba yoyamba anayamba n'kufuna ya kuonetsa nyumba, pano akuti pali wina wa ku Joni yemwe atumiza ndalama Lachisanu, ndiye ndiperekeko kachikole kuti andisungire. Wa ku Joni ameneyu amapezeka pa nyumba iliyonse yogulitsa muno mu Lilongwe, moti sandiopsa. Koma ndifunse ndithu: chikole chotere chimabwezedwa ngati mapepala apezeka olakwika, ndipo polemba tilembe mawu oti chiyani? Komishoni ya dobadoba amalipira ndani, poti onse awiri akufuna kudya mbali zonse?

Kanthu kena kakang'ono koma kofunika kwathu: ndalamazi tasonkha awiri. Tikufuna mayina onse awiri aoneke pa mapepala, kuti zomwe zikuwachitikira mayi a ku Njewa aja zisadzachitikire mayi a ana anga. Pa liizi ndikudziwa kuti n'zotheka. Pali kusiyana kotani pakati pa kulembetsa kuti mmodzi akamwalira nyumba yonse itsale kwa mnzake, ndi kulembetsa kuti aliyense akhale ndi gawo lake? Nanga pa malo a mafumu zimatheka?

Mtima wanga ukukokera ku poloti yaikulu, chifukwa zonse zoonongeka kumeneko ndi zomwe ndimakonza tsiku ndi tsiku, ndipo ndikadagona wopanda ngongole. Mayi a kunyumba akuti bola kachipinda kothina kokhala ndi pepala. Ngati pali njira yoti kalata ya anyakwawa ija isanduke pepala lomwe khoti ndi banki zingalemekeze, ndiuzeni masitepe ake, nthawi yomwe zimatenga, ndi pomwe ndiyenera kuima osalipira kanthu mpaka nditaona chikalata chakutichakuti. Ngati njirayo palibe, ndiuzeni mosabisa, ndikayambe kukambirana ndi banki ija Lolemba.

Ine wanu,
Mmisiri wa zomangamanga,
Kawale, Lilongwe