Za mantha ako aja oti udzapatsira ana

Wokondedwa mwana wanga,

Pa foni paja unati ukuopa kuti zoopsa zimene unakumana nazo zinakulowa m'magazi, ndiye udzapatsira ana ako. Mawu amenewo sanandichoke m'mutu.

Mantha akowo ali ndi pochokera. Mavuto sasintha majini (genes), malangizo a m'maselo athu amene timatengera kwa makolo, koma pa DNA, pamene malangizowo analembedwa, pamamatirira tizizindikiro timene timachititsa jini kugwira ntchito kwambiri kapena pang'ono, ngati mmene umakwezera kapena kutsitsira wailesi, nyimbo ili yomweyo. Akatswiri amati epigenetics. Mu 2004, gulu la Michael Meaney ku yunivesite ya McGill, ku Canada, linapeza kuti tiana ta makoswe timene tinkanyambitidwa kwambiri ndi make tinkakula tosachedwa kukhazika mtima pansi tikadzidzimuka, ndipo tizizindikiro pa jini yolandira mahomoni a nkhawa tinali tosiyana ndi ta tinzake. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti atasinthanitsa tianato, tinatengera mayi wolera, osati wobereka.

Rachel Yehuda wa ku chipatala cha Mount Sinai, ku New York, anapeza kusintha kwa tizizindikiro pa jini ina yokhudza mahomoni a nkhawa, yotchedwa FKBP5, mwa Ayuda opulumuka m'manja mwa a Nazi a Hitler komanso mwa ana awo. Imeneyi ndiye nkhani imene anthu amakonda kufalitsa. Koma mayi yemweyo mu 2013 anayezanso asilikali akale amene ankathandizidwa pofotokoza mobwerezabwereza zoopsa zimene anaona kunkhondo, ndipo mwa amene anachira, tizizindikiro pa jini yomweyo tinasintha. Anthu ake anali 16 okha, tsono tisafulumire kuimba lokoma. Komabe zikusonyeza kuti tizizindikiroti sitokhalitsa mpaka kalekale.

Kusinkhasinkha kuja wayambaku, kokhala phee n'kukhazika maganizo pamodzi (meditation), pitiriza. Mu 2014, Perla Kaliman ndi Richard Davidson anaona kuti anthu atasinkhasinkha maola 8 tsiku limodzi, majini ena oyambitsa kutupa m'thupi anachepa mphamvu. Koma amenewo anali akatakwe ozolowera, osati oyamba dzulodzuloli, ndipo sankafufuzidwa za mabala a mumtima. N'chifukwa chake zoti usiye kupita kwa mlangizi wako poti wayamba kusinkhasinkha, ine ayi, sindikugwirizana nazo. Ena akatsinzina n'kukhala phee, zithunzi za zoopsa zija zimabwera mwamphamvu kuposa kale. Zikakuchitikira, tsegula maso, ponda pansi mwamphamvu, tchula mokweza zinthu zimene ukuona m'chipindamo, ndipo ukamuuze mlangiziyo osabisa kanthu.

Undiuze tsiku limene ukupitakonso. Ukafuna wokuperekeza, ndilipo.

Ndine mayi ako.