Big walk ya ana odwala khansa, bwanji osayesa?

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga. Ife Amalawi big walk timaitha, mpingo ukafuna malata kapena galimoto ya abusa timavala ma t-shirt ofanana n'kuyenda dzuwa lili pamutu, kwaya ili kutsogolo, pepala la sponsor lili m'manja. Nanga bwanji sitichitako zomwezi chifukwa cha ana odwala khansa?

Ku Canada kunali mnyamata wina Terry Fox, anamudula mwendo kamba ka khansa ya m'mafupa koma mu 1980 anathamanga makilomita 5,373 ndi mwendo woikirira kusonkhetsa ndalama za kafukufuku, mpaka matendawo anamufika m'mapapo. Anamwalira 1981. Mpaka pano September aliyense mabanja amatuluka pomukumbukira, wina kuthamanga, wina pa njinga, agogo kuyenda pang'onopang'ono ndi zidzukulu, palibe zoti wawina ndani ayi, bola ndalama yalowa.

Ndiye wina anena kuti khansa ndi matenda a azungu. Pitani ku wodi ya ana ku Queens ku Blantyre kapena ku Central ku Lilongwe mukaone nokha. Kuli ana a Burkitt lymphoma, khansa ija imatupitsa nsagwada kapena mimba, mano n'kumagwedera, ndipo imakonda madera a malungo ngati kwathu kuno. Imakula msanga zedi, koma chosangalatsa n'choti imamva mankhwala mwana akafika nthawi yabwino. A WHO amati m'mayiko olemera ana oposa 80 pa 100 alionse amachira, pomwe m'mayiko ambiri osauka safika ndi 30 omwe, ndipo cholinga chawo n'choti pofika 2030 tifike pa 60.

Koma okonza mundimve apa. Kafukufuku ndi wofunika inde, madokotala athu akufunika kupeza mlingo wa chemo (mankhwala a khansa) woti mwana woonda, wosowa magazi, angaupirire. Koma gawo lina la ndalamazo lipite ku thiransipoti ndi chakudya cha ma guardian. Mayi wochokera ku Nsanje kapena ku Mangochi amagona pansi pafupi ndi bedi la mwana masabata, kumudzi wasiya ana ena ndi munda wosapalira, ndiye chotupa chikangophwa pang'ono amati basi wachira tiyeni kwathu, tsiku lobwereranso likafika ya minibasi palibe, achibale nawo ayamba zoti amulodza tipite kwa asing'anga. Akamadzabwera ulendo wachiwiri zinthu zili zitaipa kale. Mayiyu simungamunene.

Komanso chonde ndalama zisathere ma t-shirt, ma DJ ndi ma alawansi a komiti, zimenezo ndiye zimatigwetsa ulesi. Mutiuze poyera mwapeza zingati, zapita kuti.

Pa 15 February ndi tsiku lokumbukira ana odwala khansa padziko lonse, kungoti kuno imakhala mvula, ndiye September ndi bhoo. Masukulu, mipingo, mizikiti, makampani a foni, ayambe ndani? Ine ndi ana anga tidzabwera, kuthamanga sindingathe ndi mawondo angawa koma kuyenda ndidzayenda.

Kholo lokhudzidwa,
Chilomoni, Blantyre