Wodwala maganizo akati "izi sindikwanitsa", abale mumumve

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi abale a anthu amene angopezeka kumene ndi matenda a maganizo. Pa 10 October chaka chilichonse, tsiku loganizira za umoyo wa maganizo padziko lonse, timamva pa wayilesi zoti tisamasale odwala, zabwino ndithu, koma zomwe zimachitika kunyumba munthu akabwerako kuchipatala ndi kabuku ndi mapilisi ake palibe amazikamba. Ine chaka chino adokotala anandiuza kuti ndili ndi bipolar, matenda oti nthawi zina umangokhala ndi mphamvu zosaneneka, tulo osabwera, kuyankhula kosalekeza, ndalama kumwaza, kenako n'kudzagwa mpaka kulephera kudzuka kukasamba. Ndine woyamba kubadwa komanso ndine ndekha wapantchito pabanja pathu, ndiye mukudziwa kale kuti foni yanga imalira bwanji.

Nkhani yaikulu ndi ya maliro. Chinthu chimene anesi anandibwerezera kwambiri ndi tulo, akuti munthu wa bipolar akachezera usiku ngakhale masiku ochepa chabe matenda atha kuyambiranso ngakhale akumwa mankhwala bwinobwino. Tsono kwathu maliro akagwa mwamuna umayenera kukhala panja pamoto mpaka kuche, azimayi ali m'siwa kuimba, ndipo ukangosowa anthu amawerenga. Atamwalira achibale ena kumudzi ndinafika masana, ndinapereka chipepeso, ndinathandiza kugula ufa ndi nkhuni, itakwana 9 koloko usiku ndinatsanzika kuti ndikamwe mankhwala ndikagone, m'mawa ndinalawirira ndipo kumanda ndinaliko mpaka kuika nkhata. Koma zomwe zinatsala m'kamwa mwa anthu n'zoti mwana wa m'tauni uja wayamba kudzimva, sagona pamaliro. A malume anachita kundiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundifunsa kuti iwe tsiku lako likadzafika adzakugonere ndani. Ndinawayankha mwaulemu kuti a malume, ndikachezera pano sabata yamawa mukhala mukufunafuna galimoto yonditengera kuchipatala, ndiye musankhe. Sanasangalale, mpaka pano moni wake ndi wapatalipatali, koma ine ndinagona. Chondidabwitsa n'choti wa BP akakana ndiwo zamchere palibe amati ndi wamwano, amachita kumuphikira zake padera.

Za ndalama nazo. Kale aliyense akangoflasha ndinkatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba osafunsa, ndipo nthawi imene matenda anali atakwera ndinatumiza mpaka ya renti n'kukalowa katapila, abale n'kumati mwana uyu Mulungu wamudalitsa, osadziwa kuti kunali kudwala. Pano ndinakhala pansi ndi amayi tinagwirizana, fizi ya mng'ono wanga ndilipira, feteleza wa amayi ndigula, zinazo ayi. Za chinkhoswe cha msuweni, yunifomu ya pa ukwati, kumanga chiliza mwezi uno uno, ndimayankha kuti pepani mwezi uno sindikwanitsa, basi, osawonjezera nkhani chifukwa ukayamba kufotokoza amakupezera pokulowera. Ndalama yayikulu ndikafuna kutulutsa ndimayamba ndauza achemwali anga, tinapangana choncho kuti akaona ndayamba kumwaza andigwire dzanja.

Pa mankhwala pokha ndiye sindikambirana ndi munthu. Ine ndimapemphera, kutchalitchi ndimapita, koma azakhali akabwera ndi zoti tipite ku overnight kuphiri ndipo ndisiye mapilisi posonyeza chikhulupiriro, kapena ena akati tikaombeze chifukwa pali munthu wakuchita kuntchito, ndimakana. Mankhwalawa ali ndi zovuta zake inde, ndanenepa, m'mawa mutu umalemera, ndipo abale akaona choncho amati mwaona akukuwonongani. Zimenezo ndimakanena ku kiliniki, iwo ndi amene angachepetse kapena kusintha. Kusiya mwadzidzidzi ndi kumene kumabweza anthu ambiri ku wodi, ndipo amene anakuuza kuti usiye sakhala nawe pa benchi tsiku limenelo. Mukafuna kundipempherera bwerani masana, ndiphika tiyi.

China chaching'ono koma chowawa, matenda anga si nkhani ya pa gulupu ya WhatsApp ya banja. Ndinauza amayi, achemwali ndi bwana wanga kuntchito, ena onse ndidzawauza ndekha ndikafuna. Kuno kwathu munthu akangomva za matenda a maganizo amathamangira kuti wapenga, wapita ku Zomba, kapena ndi chamba, chonsecho ambirife timangopita ku kiliniki pa tsiku lathu, kaya ku Queens, ku Bwaila, ku St John of God ku Mzuzu ngakhale pa chipatala cha boma lathu, kulandira mankhwala n'kubwerera ku ntchito. Ndipo ngakhale wagonekedwa ku Zomba Mental Hospital ndi chipatala basi, anthu amatuluka. Zoti ukwatire msanga mwina mutu ukhazikika ndiye sindiyankhanso n'komwe.

Sindikunena kuti abale ndi oipa ayi, amayi anga ndi amene anandigwira dzanja kupita nane kuchipatala ine ndikukana, ndipo ambiri amakakamiza chifukwa cha mantha ndi kusadziwa. Komatu thandizo limene ndikulifuna ndi lina. Ndiperekezeni ku kiliniki mumve nokha zomwe anesi akunena. Mukaona ndayamba kutumiza mauthenga 2 koloko usiku kapena ndikuyankhula mothamanga, ndiuzeni ineyo kapena achemwali, osati mudzi wonse. Mankhwala akasowa kuchipatala, poti zimachitika, pamenepo ndiye sonkhani tikagule ku famase.

Akonzi, ngati n'kotheka mutipezereko nesi kapena dokotala wa za maganizo azilemba m'nyuzipepala muno m'Chichewa, makamaka za tulo ndi za kusiya mankhwalazi, chifukwa a malume anga za m'nyuzi amazikhulupirira kuposa zonena mphwawo.

Wowerenga wanu,
Ndirande, Blantyre